Ndinakatenga Achimwene Amene Tinawaika Kale

Amene anayamba kundiuza nkhaniyi ndi a Kachingwe, bambo wa lole amene amatenga mbatata ya kachewere kuno kukagulitsa ku Karonga, pobwera n'kunyamula mpunga. Mulungu awadalitse kulikonse kumene ali, chifukwa akanakhala wina akanangomeza mawu, nkhani n'kuthera pomwepo. Linali Lachiwiri mu Febuluwale, ine ndili pa benchi langa la tomato pa Nsipe. Anaimika lole n'kutsika osazimitsa injini.

"Mayi a Mphatso, khalani pansi kaye."

"Ndakhala kale, a Kachingwe. Kwagwanji?"

"Achimwene anu aja a ku Joni, dzina lawo anali ndani?"

"A Lufeyo. Koma anamwalira ine ndili Sitandade 4."

"Mtembo munauona?"

Mtembo sitinauone. Achimwene anapita kukagwira ntchito kumigodi ali mnyamata. Patapita zaka ziwiri mnzawo anabwera ndi sutikesi ndi bulangete lawo, nati mgodi unagwa ndipo anthu sanapezeke. Kwathu kuno maliro sakhala opanda manda. Akuluakulu anadula thunthu la nthochi, nalikulunga m'bulangete lomwelo, naliika m'manda ngati munthu. Tinalira, tinaponya dothi, tinameta. Mtanda wa dzina lawo unazikidwa, ndipo chaka ndi chaka ine ndemwe ndinkalambula pamandapo.

A Kachingwe anati ulendo wina atapitirira cha ku Chitipa, tayala linawaphulikira pa Kapoka, pamene msewu wa ku Misuku umapatukira. Akulimbana ndi jeke, munthu wina wogulitsa uchi anawamva akudandaula m'chilankhulo cha kwathu, nawayandikira.

"Anandifunsa kwathu, ndinati pa Nsipe. Ndiye akuti, kodi aNasibeko a njira ya ku Champiti anamwalira chaka chanji? Ine ndinati, aNasibeko ali moyo, maso okha ndiwo anapita. Mayi, munthu uja anangokhala pansi m'matope momwemo. Kenako anadzuka n'kumapita, uchi wake kuusiya. Ndinafunsa anthu. Akuti amangomutchula Mngoni, amakhala kumtunda, m'mphepete mwa nkhalango."

Atatero anaika botolo la uchi pakati pa tomato wanga. ANasibeko ndi amayi anga ondibereka.

Nthawi imeneyo Amayi anali pamphasa kuyambira pa Khirisimasi, akungolandira phala la supuni zitatu. Ndinkaopa kuti ndikawauza mtima uima. Abambo a Mphatso, amuna anga, anati kubisa nkhani yotere n'kulakwira munthu wamkulu. Ndinagwada pafupi n'kuwauza pang'onopang'ono. Sanadzidzimuke ngakhale pang'ono.

"Ndiye wakhaliranji? Kamutenge. Koma ufulumire, Esinala. Chimanga chili m'mundachi ine sindidzadya nawo."

Kenako anapisa dzanja kunsi kwa mtsamiro, natulutsa kanthu kokulunga m'nsanza yakuda, komanga ndi ulusi, kakang'ono kuposa bokosi la machesi.

"Ukampatse m'manja mwake."

"N'chiyani, Amayi?"

"Si kako."

Apa ndiulule tchimo langa. Ndinaganiza kuti n'chithumwa chokokera munthu kumudzi. Amayi anabatizidwa kalekale, komabe anthu akale amakhala ndi tawo. Ine ndine munthu wa mapemphero, ndipo ndinati mumtima, ulendo wa Mulungu sindingausakanize ndi mankhwala. Kukana sindikanatha, choncho ndinakalandira n'kukaponya pansi penipeni pa chikwama.

Chikwamacho chinali chapamsana, cha mwana wanga Mphatso, chimene amapita nacho ku sekondale. A Kachingwe anandichenjeza kuti kumeneko katundu wa pamutu amakodwa m'nthambi. Nditafika nacho pamsika Lachinayi m'mawa, amayi anzanga anangoti gwa ndi phwete, akunditchula ndi mfunda wanga.

"Taonani Nangozo, walembetsa Folomu Wanu!"

"Ukawapatse moni aphunzitsi! Usakagone m'kalasi!"

Komabe anasiya mabenchi awo, tinagwirana manja pambali pa msewu n'kupemphera, wina nandiikira mazira owiritsa m'thumba.

Pa boma la Ntcheu ndinasankha minibasi imene inkaoneka kuti yatsala pang'ono kudzaza. Sindinadziwe kuti theka la anthuwo anali ongokhalitsa malo. Aliyense wa ulendo weniweni akalowa, mmodzi wa iwo ankatuluka mwakachetechete. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linafika pamutu, ndalama kondakitala atalandira kale, potulukira palibe. Pa Lizulu anandisenzetsa thumba la kabichi la munthu wina pamiyendo. Ku Lilongwe tinafika basi ya kumpoto itapita. Ndinagona pa depoti nditatsamira chikwama, pafupi ndi mayi wina wa ku Rumphi, aNyagondwe, amene anali ndi nkhuku zitatu m'dengu.

Basi ya Lachisanu anati inyamuka sikisi, inanyamuka teni. Tinadutsa Mponela, Kasungu, pa Jenda apolisi anatitsitsa tonse n'kufufuza katundu. Chakumadzulo tili m'nkhalango ya paini ya Chikangawa, kutsogolo kunamveka kuti phwaa, fungo la mphira wopsa n'kudzaza m'basi. Lamba wa injini anali ataduka. Kunja kunali nkhungu yoti dzanja lako osaliona, mvula ikuwaza, kuzizira koopsa. Kondakitala anakwera galimoto ina kukagula lamba ku Mzuzu. Anabwera patapita maola anayi, lamba wake wamfupi.

"Mwana iwe, unapita kukagula lamba wa thalauza?" anatero aNyagondwe.

"Mayi, ngati mukudziwa za injini tsikani mukonze."

"Nkhuku yanga yaikira dzira muno chikhalire iwe ukuyendayenda. Yakuposa ntchito."

Basi yonse inaseka, inenso ndinaseka, koma mumtima munali Amayi ndi supuni zawo zitatu. Maganizo anandifikira kuti mwina tsoka lonseli likuchokera m'chikwama changa. Ndinapisa dzanja, ndinatulutsa kanthu kakuda kaja, ndinati ndikataye pawindo. Windo linakana. Ndinakoka ndi manja awiri, ndinamenya ndi chigongono, osasuntha. Bambo wa kumbuyo anati, "Mayi, mukufuna kutipha ndi mphepo?" Ndinachita manyazi n'kukabwezera momwe kanali. Lero ndimati amene anagwira windo lija si dzimbiri.

Mzuzu tinalowa Loweruka m'mawa. Ndinasiyana ndi aNyagondwe, anandipatsa dzira lija kuti ndikadye m'njira. Pa mtsetse wa Chiweta tinapeza lole yaikulu itapingasa msewu pakona, magalimoto atandandalikana ngati mikanda, kuno phiri, uko phompho. Tinakhala theka la tsiku. Anyani ankatsika m'miyala n'kumayenda pakati pa magalimoto ngati apolisi apamsewu, ndipo mmodzi analanda chimanga chootcha m'manja mwa m'busa wina ali mkati moyamika.

Ku Karonga ndinayamba kukhala mlendo weniweni. Ndikafunsa njira ankandiyankha mokoma, koma m'chilankhulo chimene sindinkamva. Wa matola anakweza mtengo, akuti chifukwa cha matope, ndipo titakangana pang'ono anati, "Mayi, matopewo sindinathire ine." Msewu wa ku Chitipa unali usanathe kuikidwa phula. Pa Kapoka ndinatsika Lamulungu masana miyendo itachita dzanzi, ndipo ndinadikira galimoto ya ku Misuku pakhonde la golosale mpaka Lolemba madzulo. Galimoto iliyonse ikamveka ndinkadzuka n'kuvala chikwama, iyo n'kudutsa. Mwini golosale anafika pondiuza kuti, "Mayi, chikwamacho chitha ndi kuvalavala."

Imene inatitenga inali lole yaing'ono ya feteleza. Tinatsika katatu kukankha. Pamalo pena phiri linali litang'ambika pamwamba pa msewu, madzi ofiira akutuluka m'ming'alu. Dalaivala anatulutsa mutu nati, "Amene amapemphera ayambepo." Ndinatseka maso mpaka nditamva kuti tadutsa. Usiku umenewo ndinasungidwa ndi amayi a kutchalitchi cha kumeneko, anthu osandidziwa, ndipo m'mawa anandipereka kwa azimayi ogulitsa nthochi amene ankabwerera kumtunda. Nditangoti "Mngoni," onse anagwedeza mitu.

Tinayenda maola atatu, kukwera ndi kutsika, m'minda ya khofi ndi nthochi. Mudziwo unali wa nyumba zosakwana khumi, zomata paphiri ngati zisa za namzeze. Kuseri kwake kunali nkhalango imene sindinaonepo chibadwire, mitengo yake yakuda ndi kutalika, mitambo ikutuluka m'kati mwake ngati utsi.

Pabwalo la nyumba yomalizira panali bambo wowonda, wa imvi, akusema mng'oma wa njuchi. Khutu lamanzere linali long'ambika kunsonga, pamene waya wa msampha unawadula ali mwana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, sompho lili m'manja.

"Esi. Ndinakusiya ulibe mano akutsogolo."

"Akubwerera komweko, achimwene."

Tinalira mpaka akazi awo, aNakayange, anatuluka kudzatikhazika pansi. Ndinawauza kuti Amayi ali pamphasa, akuwaitana, ndipo tikanyamuka m'mawa mwake tikhoza kuwapeza. Achimwene anatsokomola nthawi yaitali, chifuwa chimene anachitenga kumigodi, kenako anapukusa mutu.

"Munthu woikidwa sabwerera kumudzi, Esi."

Ndiye anandiuza. Mgodi utagwa anatulutsidwa ali chikomokere, nakhala m'chipatala miyezi yambiri. Atachira anayendayenda m'mafamu, manyazi akuwagwira kubwera chimanjamanja. Koma matipate atangoyamba anabwera ndithu. Anatsika basi pa Nsipe pomwe, ndipo munthu woyamba kukumana naye anali amalume athu. Amalume anawakokera kuseri kwa sitolo nawauza kuti, iwe manda ako alipo, mtanda ulipo. Ukalowa m'mudzi anthu athawa, adzati ndiwe ndondocha, wakufa woukitsidwa ndi mfiti. Mayi ako ndiye anayamba kumeta, anati nkhani ya mwana ameneyu yatha. Akakuona agwa n'kufa, ndipo udzakhala utawapha ndiwe.

"Amalumewo anandigulira tiyi, nandikweza lole yopita kumpoto. Ndinangoti ndipite kumene msewu ukathere. Unathera kuno."

Amalume amenewo ndi amene anatenga dimba la achimwene maliro aja atachitika. Anamwalira kale, ndipo sindiwaweruza, ali m'manja mwa Mwini wake. Ndinauza achimwene kuti zimenezo zinali zabodza. Anati, "Iwe unali mwana, ukudziwa chiyani? Iwe sunamete?" Ndinati ndinameta. Anati, "Basitu."

Masana omwewo kunamveka chiphokoso kumunsi ngati bingu losatha. Madzulo uthenga unafika kuti phiri lija lagwera pamsewu, ndipo mlatho wa matabwa wapita ndi madzi. Galimoto sikwera, galimoto sitsika.

Mvula ya kumeneko si ya kwathu, imene imagwa n'kukata. Imayamba usanadzuke, imapuma pang'ono ngati munthu wotula mtolo, n'kuyambanso. Zovala sizinkauma. Foni inkagwira pamalo amodzi okha, pachulu china pamwamba pa munda, ndipo poti kunalibe pochajira ndinkaiyatsa kamodzi patsiku. Lachitatu abambo a Mphatso anati Amayi alandira supuni ziwiri. Lachinayi anati imodzi.

Masana ndinkakhala ndi alamu aNakayange m'kachisakasa ka kumunda, kuingitsa anyani otchedwa nchima, aubweya wotuwa modera, nkhope ngati nkhalamba yokwiya. Alamu ankadziwa Chichewa chochepa, ine chawo sindinkadziwa n'komwe, koma tinkamvana. Ankaloza nyani wamkulu amene ankakhala pachitsa kutiyang'anira anzake akuba, n'kunena kuti, "Kapitawo." Ankaloza achimwene n'kugogoda mutu wawo ndi chala, kusonyeza kuti munthuyu ndi wouma mutu. Mayi ameneyu anandikonda ngati m'bale wake.

Achimwene, pofuna kuthawa nkhani, ankanditenga kukaona ming'oma yawo m'mphepete mwa nkhalango. Anati azungu amabwera ndi zikwama ngati changachi, n'kuwalemba ganyu yowalondolera mbalame.

"Munthu kuchoka kwawo pa ndege kudzaona mbalame?"

"Ena amalira misozi akaiona. Tayang'ana apo."

Ndinangoona masamba. Kenako chinthu chobiriwira chinathamanga panthambi ngati gologolo, n'kutambasula mapiko ofiira ngati magazi. Ndinati, "Ambuye, munabisa zokongola kutali." Anandionetsa bilimankhwe wamfupi ngati chala changa chaching'ono, wofanana ndi tsamba louma, ndi pamene nguluwe zinafukula usiku. Nkhope yawo inkawala akamafotokoza. Koma ndikangoti, "Achimwene, Amayi," ankatembenuka n'kuyamba kukonza mng'oma wosawonongeka.

Lachisanu pachulu paja abambo a Mphatso anati, "Phala asiya. Akungonyowetsa milomo ndi madzi. Koma akufunsa kuti kanthu kaja wapereka?"

Ndinati, "Auzeni kuti ndapereka."

Ndinanama, ine mayi wa mapemphero, nditaima pachulu mvula ikundikhapa. Potsika ndinagwada m'matope. Ndinati, Atate, kutsogolo mwatseka ndi phiri, kumbuyo mwatseka ndi nkhalango, mtima wa mlongo wanga mwausiya wotseka. Mwandibweretseranji kuno? Yankho sindinalimve. Foni nayo inazima tsiku lomwelo, moto utatha.

Loweruka alamu anaona kuti chikwama changa chayamba nkhungu. Anachikhuthula kuti achiyanike pafupi ndi moto, ndipo kanthu kakuda kaja kanagwera pamapazi pa achimwene.

"Aka n'kachiyani?"

"Musakagwire! Anandipatsa Amayi kuti ndikupatseni, koma ine ndikuona ngati ndi mankhwala."

"Amayi anakupatsa kanthu kanga, iwe n'kukhala nako masiku asanu?"

Anadula ulusi ndi mano. M'kati mwa nsanza munali nsanza ina, m'kati mwake kapepala kofiirira ndi dzimbiri. Linali lezala, lili m'pepala lake, losatsegula.

Pamenepo ndinakumbuka zimene ndinaziona ndili mwana koma osazisunga. Tsiku lometa maliro, tonse titakhala pamzere kuseri kwa nyumba, Amayi anadzitsekera m'nyumba. Azimayi anagogoda mpaka kutopa. Amalume anakalipa, kenako analowetsa lezala kunsi kwa chitseko nati, mukamaliza misala yanuyo mudzimete nokha. Tinkangoti chinali chisoni. M'mawa mwake anatuluka atamanga duku, ndipo palibe anafunsanso za kumutu kwawo. Kumanda kuja sanapondeko, ngakhale tsiku limodzi. Ndikamapita kukalambula ankangoti, "Ukupita kukapalira nthochi?"

Ndinawafotokozera achimwene zonsezi. Iwo ankatembenuza lezala lija m'manja.

"Sanamete," anatero.

"Sanamete, achimwene."

"Zaka zonsezi."

Anatuluka panja n'kukaima pamvula. Alamu anandigwira mkono kuti ndisawatsatire. Atabwerera anayankhula ndi akazi awo m'chilankhulo chawo, kenako anati kwa ine, "Msewu sutseguka sabata ino. Pali njira yodutsa m'nkhalango, imakatulukira kumunsi kwa pamene phiri lagwa. Ndi tsiku lathunthu. Ulimba?"

"Funsani chifuwa chanucho, osati ine."

Tinanyamuka Lamulungu kukungoyera. Alamu anatiikira nthochi zootcha m'chikwama, natipaka fodya wonyowa m'miyendo kuti misundu isatikakamire. Anawagwira achimwene dzanja nthawi yaitali, kenako anandiuza m'Chichewa chawo chochepacho, "Mubweze."

M'nkhalango muja mulibe dzuwa. Pamwamba masamba anatsekerana, pansi pali chinyezi ndi mizu yoterera, zingwe za mitengo zikulendewera ngati za pachitsime. Mukati mwayenda, mukupeza mitengo yomweyo. Pakanapanda achimwene, bwenzi ndikuzungulira momwemo mpaka lero. Tili m'kati ndinamva khanda likulira momvetsa chisoni. Ndinaponya ndodo n'kuyamba kuthamangira komweko.

"Ukupita kuti, Esi?"

"Wina wataya mwana!"

"Mwana wakoyo ali m'mwamba."

Zinali mbalame zakuda ndi zoyera, milomo ikuluikulu ngati nyanga, zikulirizana pamtengo wa nkhuyu. Achimwene anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Posakhalitsa ndinaima pamzere wa linthumbu osaona. Anzanga, linthumbu la kumeneko silidikira. Ndinavula chikwama, ndinataya chitenje, ndinavina gule amene sindinavinepo ngakhale pa ukwati wanga, nchima zikundionerera m'mitengo.

"Ngoma yake imeneyo ndiye ya kwathu," anatero achimwene atatembenukira kumbali. "Chishango chokha ndiye wasowa."

Koma dzuwa litapendeka kuseka kunatha. Tinawoloka mtsinje wodzaza pamtengo wogwa, chokwawa, madzi akubangula pansi pathu. Kutsidya kunali chitunda chachitali. Pakati pake achimwene anakhala pansi, natsokomola mpaka m'malovu munaoneka magazi. Milomo inachita kutuwa. Anatsamira mtengo n'kutseka maso.

"Pita wekha. Utsate mtsinjewu, ukafika. Ukawauze kuti lezala ndalandira."

"Dzukani."

"Ndisiye, Esi. Ine manda ndili nawo kale."

"Mandawo ali ku Ntcheu, si kuno. Ngati mukuwafuna dzukani mukawapeze."

Anatsegula diso limodzi. "Pakamwa ngati mayi ako."

Ndinawamwetsa uchi wosungunula m'madzi, ndinatenga kathumba kawo n'kukamangirira pa chikwama cha Mphatso, ndinaika mkono wawo paphewa langa. Tinkayenda mapazi makumi awiri n'kupuma. Ndinkapemphera mokweza, iwo n'kumangoti ameni pamene mpweya walola. Kuwala kutayamba kuchepa mitengo inayamba kutalikirana, tinamva tambala, kenako tinaona msewu wofiira ndi lole itaima, anthu akutsitsa matumba poti sikanatha kupitirira. Ndinaupsompsona msewu umenewo, matope ndi matope.

Za ulendo wobwerera sindinena zambiri. Unatitengera masiku atatu. Pa Karonga ndinachajitsa foni koma ndinaopa kuiyatsa mpaka pa Kasungu. Abambo a Mphatso anangoti, "Akupuma. Fulumirani."

Titatsika pa Nsipe, amayi awiri achikulire anawazindikira achimwene. Mmodzi anathawa n'kugubuduza beseni la tomato, wina anangogwira pakamwa. Achimwene anaima, ndinaona kuti miyendo ikufuna kubwerera. Ndinawagwira dzanja ngati mwana wopita naye ku sikelo, mpaka kunyumba.

Amayi anali atatsala mafupa okhaokha. Achimwene anagwada pamphasa. Amayi anakweza dzanja, napapasa nkhope, napapasa imvi, mpaka anafika pa khutu long'ambika lija. Anagwira pamenepo osasiya.

"Lufeyo."

"Wawa, Amayi."

"Wachedwa."

"Ndachedwa, Amayi."

"Esinala, mwanayu wawonda. Kuli phala?"

Ndinabweretsa phala, ndipo anati sadya pokhapokha adyere limodzi. Tsiku limenelo analandira supuni zisanu ndi imodzi, m'manja mwa mwana wawo. M'mawa mwake anaitanitsa akuluakulu a banja ndi a mpingo. Mawu anali apansipansi koma aliyense anamva.

"Kazuleni mtanda wa mwana wanga. Nthochi yanu ija mufukule. Dzenjelo musakwirire, ndi langa."

Akuluakulu anayang'anana, anakambirana tsiku lonse, koma panalibe amene anapeza mawu owakanizira. Amayi anakhala nafe masiku asanu ndi anayi. Anagona Lachisanu m'mawa, dzanja lili pa khutu lomwe lija. Adzukulu a kumanda atakumba pamalo paja anangopeza dothi lakuda ndi ulusi wa bulangete. Tinawaika momwemo. Tsiku lometa, achimwene ndiwo anayamba kukhala pampando.

Ndikuthokoza a Kachingwe, aNyagondwe a nkhuku, amayi a ku Misuku amene anandigoneka osandidziwa, ndi amuna anga amene anasamala apongozi awo ngati mayi wowabala. Ndikuthokoza Mulungu amene anakaniza windo la basi pamene nzeru zanga zinali zitandithera.

Pamene ndikulemba pano achimwene ali kwathu, akulandira mankhwala a chifuwa kuchipatala, ndipo masiku ena sadzuka. Dimba lawo ana a amalume abweza okha. Koma kumtunda kuja kuli mayi amene anandiuza kuti mubweze, ndipo ine ndinavomera. Mvula ikatha ndiyenera kuvalanso chikwama cha Mphatso. Inu amene mwawerenga, mukamagwada muzititchulako: a Lufeyo kuti chifuwa chiwalole kukwera phiri lija, alamu aNakayange amene akuingitsa anyani okha, ndi ife ana a aNasibeko, amene tsopano tili ndi manda enieni oti tizikalambula.